Nkhono Zopanda Chigoba

Nester anachenjeza kale m'mwezi wa Meyi, koma anzake a m'kalabu ya zamasamba anangoseka.

"Kankhono kopanda n'chigoba chomwe kangathe dimba? Make Tracy, sukulu inakupwetekani," anatero a Nabanda, oyandikana nawo dimba.

Alangizi nawonso sanatekeseke. Anatambasula mapu n'kunena kuti nkhono zachilendozo zimafuna malo ozizira achinyontho, kumtunda kuphiri kumene chiperoni chimakhalitsa. Ku Likoswe kuno dzuwa likanaziwamba zisanafike n'komwe, pokhapokha munthu atachita kuzinyamula.

Tsopano unali Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, koma mpiru wa m'madimba onse unali mabowo okhaokha. Wa Nester, umene unkadyetsa banja lake, unangotsala mitsitsi ndi tinjira ta dovu tonyezimira.

Wozinyamulayo Nester ankamudziwa. Si a Nabanda ankaoda kabichi ku Limbe n'kumataya masamba owola m'mphepete mwa dimba? Anawauza kangati? N'chifukwa chake pamsonkhano wa tsiku limenelo anaimirira, mwana wake Tracy ali kumsana, n'kuumirira lamulo lakuti wopezeka kuti ndiye anazibweretsa alandidwe malo. Onse anavomera. Alangizi analonjeza kubwera m'mawa mwake kudzafufuza dimba ndi dimba.

"Mtima wakhala pansi tsopano?" anafunsa a Nabanda ali tsidya la ngalande, akuponya nkhono m'chitini cha madzi amchere.

"Ine ndinanena, mayi. Mawa tiona."

"Tionadi, aphunzitsi."

A Nabanda atapita, Nester analowa pansi pa nthochi, pa nazale yake pamene kalabu yonse inkatenga mbande. Ankafuna kuti alangizi adzapeze posamalika. Anasesa, anazula udzu, kenako anakoka thumba la manyowa a mbuzi limene mwamuna wake Edwin anabwera nalo panjinga mu Juni kuchokera kwawo kuphiri. Tsiku lililonse ankaliwaza madzi kuti manyowawo awole bwino.

Pansi pake panali pozizira ngati m'mtsuko. Nkhono zinangoti thithithi, zikuluzikulu kuposa zonse zimene anaonapo, ndipo mazira ake oyera anali atamatirira mpaka m'mizu ya mbande.

Nester anabwezera thumba lija pang'onopang'ono, n'kuyang'ana uku ndi uku. Minibasi yoyamba ya ku Limbe, kumene kunali mchemwali wake, inkadutsa pa Njuli kusanache. Anamangitsa chitenje cha mwana n'kulunjika kunyumba kukalongedza.