Tatu Akudikirabe Kumsewu

"Ili ndiye muligule, mayi. Mwana akawerenga ili, mawa ndi dokotala."

Mwanamvua analiyang'ana bukulo osaligwira. Pachikuto panali munthu wopanda khungu, mapapo ndi matumbo zili pamtunda. Anatembenuzira nkhope kumsewu.

"Za udokotala sindinanene, bambo."

A Jailosi ankagulitsa mabuku akale pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi depoti ya Mangochi, ndipo pakamwa pawo sipankauma. Aliyense woima pathebulo lawo ankachoka atauzidwa buku lomuyenera. La sayansi litakanidwa, anatulutsa la nyenyezi. Kenako la kawetedwe ka chambo m'madamu. Kenako la bizinesi, pachikuto pali bambo wa tayi akumwetulira mano onse.

"Ili tsopano ndi lanu inuyo. Muli pa geni ya usipa, eti? Ndaona ndi maso. Chaka chamawa mudzandidutsa pano muli m'lole yanuyanu."

"Geni ndinasiya."

Mwanamvua anakhala pa kreti ya zakumwa osapempha. Anali atanyamuka ku Lungwena m'mamawa, pa kabaza kenako pa matola, ndipo miyendo inali itakana. Mphamvu zocheza analibe.

"Ndikufuna buku louza mwana kuti munthu akafa, wafa. Lilipo kapena palibe? Ngati palibe ndizipita."

A Jailosi anabweza la bizinesi pamalo pake.

Mwamuna wa Mwanamvua, Che Swadick, anamira chaka chatha mwera utagubuduza bwato. Thupi litapezeka anaikidwa tsiku lomwelo, monga mwa Chisilamu. Mwana wawo, Tatu, anali kwa azakhali ake ku Chowe. Pobwera anapeza mphasa zapindidwa, anthu abalalika. Azakhaliwo anamuuza zimene ana ambiri a kumeneko amauzidwa: ababa apita ku Joni.

Bodza limeneli silivuta, chifukwa nyumba iliyonse m'mudzimo ili ndi munthu amene alidi ku Joni. Koma a ku Joni amaimba foni. Amatumiza mabulangete, njinga, nsapato za pa Idi. Ana anzake a Tatu ankalandira. Iye galimoto yokoka ngolo ya katundu ikangomveka, ankasiya mbale m'madzi n'kuthamangira kumsewu. Ankabwera fumbi lili m'nsidze, osalira, n'kupitiriza kutsuka. Posachedwapa anafunsa amayi ake ngati ababa sakuimba chifukwa choti iye anawatayira tochi m'nyanja.

Mwanamvua anayesapo kumuuza. Ulendo uliwonse ankalephera. A shehe anati mwana akakula adzazindikira yekha. Azakhali aja anati bala lopola salitokosa. Aphunzitsi a Tatu okha ndiwo anati mabuku a nkhani zotere alipo, akafunse kutauni.

A Jailosi anagwada, n'kukoka katoni pansi pa thebulo. Anatulutsa buku lonenepa.

"Ili analemba akatswiri a maganizo."

"Chizungu chimenecho amve ndani kwathu?"

Anatulutsa lina, la Chichewa, lokamba za chitonthozo pa maliro.

"Tizilembo ngati nyerere. Mwanayo ali Sitandade 3, akuwerengabe ndi chala. Ndikufuna zilembo zoti aone."

"Mayi inu ndinu ovuta kuposa a poliisi."

"Ndatopa, bambo. Funani."

Pansi penipeni pa katoniyo panali kabuku kopyapyala, chikuto chodyeka m'mphepete. Panali chithunzi cha kamtsikana katakhala pakhonde, kakuyang'ana pakhomo. Zilembo zinali zazikulu, mizere iwiri pa tsamba. A Jailosi anakapukuta pa malaya awo, n'kuwerenga tsamba loyamba mokweza, kenako lachiwiri, mawu akunka natsika.

Mwanamvua anamvetsera atatseka maso.

"Mulibe bodza m'menemo? Sakunena kuti munthuyo wagona, kapena wapita ulendo?"

"Ayi. Akunena poyera kuti sabweranso."

"Nanga akunena kuti si mwanayo analakwa?"

A Jailosi anatsegula masamba, n'kuloza ndi chala. "Apa. Anena kawiri."

"Nanga za kudya? Mwana wanga akakhumudwa sadya."

"Akuti adye ngakhale pang'ono, ndipo akafuna kulira alire."

Mwanamvua anagwedeza mutu. Anamasula mfundo ya chitenje n'kulipira osanenerera, zimene a Jailosi sanazionepo kwa mayi wa kunyanja.

"Likulungeni m'pulasitiki. Mumange zolimba, chiswe ndi mvula zisalipeze."

"Kukulunga bwanji buku loti likagwire ntchito lero?" A Jailosi anaweramira pafupi, mawu atafewa. "Ine ndine bambo wa ana, mundimvere. Mukafika mumukhazike pamwendo, muwerenge limodzi, kenako mumuuze za bambo ake. Nkhani yotere mwana asakumane nayo yekha."

Mwanamvua anagwira thebulo ndi manja onse n'kudzuka pang'onopang'ono. Analandira kabukuko n'kukalowetsa m'kati mwa bulauzi.

"Za bambo ake ndikamuuza ndi pakamwa panga, zivute zitani. Pakamwa ndikadali napo," anatero. "Kuchipatala andibweza lero, ati palibenso chochita, ndikapumire kunyumba. Ili adzawerenga ine kulibe."