Mswachi wa Nagama

Chiyambire lamulo latsopano, mayi aliyense woyembekezera amalandira mswachi wake kusikelo. Mswachiwo umauza chipatala zonse zimene wapeza m'kamwa, ndipo ukangokhala osagwira ntchito, mkaka wa mwezi umenewo superekedwa.

Koma Nagama, amene anali woyembekezera, mswachi unkamuchititsa nseru, nkhama n'kumatuluka magazi. Choncho amuna ake, a Fulatira, ndiwo ankautsukira mano m'mawa uliwonse kuseri kwa bafa, kuti mkaka usawadutse.

Lachisanu mswachi unayankhula uli pawindo: "Mayi Nagama, nkhama zanu zili bwino, takuchotsani pamzere wa dokotala wa mano. Koma fodyayo chepetsani."

A Fulatira anaseka mpaka kutsokomola. "Mwamva, mayi a Lonjezo? Mwachira!"

Nagama analavulira pansi malovu ofiira. "Mwachira ndinu. Ine ndi izi."

Kuseka kunathera pomwepo. "Nanga mkaka? Akadziwa atilandatu."

"Atilande. Mkakawo ndiziumwa ndilibe dzino ndi limodzi lomwe?"

Nagama anatsuka mswachiwo ndi madzi otentha, n'kuulowetsa m'kamwa pang'onopang'ono, akulimbana ndi nseru. Mswachi unati: "Mayi, mawa mulawirire kuchipatala."