Mzere Woyera wa Ba Kabamba

Ba Amock Kabamba anaima pamwamba pa phiri, chikho cha mpikisano chili m'khwapa, nayang'ana wotchi yawo ya ku Jeneva. Othamanga makumi anayi anali atanyamuka kale kumunsi, kumene phula la ku Woodlands limathera.

"Ba Chisenga, fumbi mukuliona?"

Mayi Eness Chisenga, wa ku ofesi ya zankhalango, anapukusa mutu. Chaka chatha mpikisano womwewu unasiya phiri ngati msika wa Soweto ukamaweruka: mitengo yopakidwa penti, misomali m'makungwa, mapepala m'tchire monse. Mayiyu analumbira kuti zikachitikanso sasainanso chilolezo. Ndipo popanda mpikisano, Ba Kabamba akanangokhala mwini malole atatu, osati tcheyamani amene amakhala mpando woyandikana ndi Bwanamkubwa.

Koma munthu amene anayamba ndi wilibala, nakafika mpaka ku mapiri a ku Ulaya, sagonja kwa mayi wa cholembera. Ba Kabamba anabwera ndi malamulo atsopano. Penti ayi. Misomali ayi. Njira izisintha chaka ndi chaka kuti udzu upume, ndipo ya chaka chino ankaidziwa iwo okha. Chizindikiro cha njira chikhale ufa.

"Azungu amatelo," anauza komiti. "Nkhanga zikatola, mvula ikagwa, palibe chotsala."

Ufa! M'chaka cha 1988, pamene amayi a ku Chilenje ndi ku Kabwata ankaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, n'kubwerera ndi chitenje chopanda kanthu. Wailesi inkanena tsiku lililonse kuti obisa ufa ndi adani a dziko, ndipo pamisonkhano ya Chipani palibe amene ankawomba m'manja kuposa Ba Kabamba. Iwo anapereka thumba lawo lomaliza la ufa kuti likhale chizindikiro cha njira, dzanja lili pachifuwa.

"Ana anga adya kandolo m'malo mwa nsima sabata ino," anatero, "koma phili likhale phili."

Komiti inatsala pang'ono kulira. Munthu wodzipereka chotere! Ngakhale Benzi yawo inali itatsekeredwa m'garaja ku Kabulonga chaka chonse, ikudikira zipangizo za ku Jeremani, mwini wake akuyendera kavaneti kodyeka ndi dzimbiri, koti ukakwera kumbuyo umaona msewu ukuthamanga pansi pako.

M'mawa wa tsiku la mpikisano Ba Kabamba anakweza okha thumba lija m'kavanetiko, chifukwa garaja yawo sinkalowedwa ndi wantchito. Atafika poyambira, thumba analipeza lopepuka ngati pilo, ndipo anayamikira mphamvu zimene anatenga ku mphepo ya ku Switzerland. Anatunga chitini chimodzi. Kwa Reuben, mlembi wa kalabu ya othamanga, anasiya wisilo ndi lamulo: "Atsate choyela. Wochoka pamzele, watuluka mumpikisano." Kenako anakwera phiri, akugwetsa kaufa ka pakati pa zala ziwiri pa mapazi makumi asanu alionse. Ufa suseweretsedwa.

Tsopano ola linali litatha. Kutsetsereko konse kunali zii. Nkhanga zinkayenda mwaulemu ngati zikupita ku tchalitchi.

"Chaka chatha nthawi ino mbalame zonse zinali zitathawa," anatero Mayi Chisenga, akusuzumira kumunsi.

"Chaka chatha kunalibe mwambo, mayi. Awa ndawaphunzitsa kuponda ngati mphaka. Muli timu ya apolisi, muli anyamata a Chipani, koma onani, udzu sukugwedezeka n'komwe."

"Sakuchedwa?"

"Ku Yugosilaviya ndinaona mpikisano wotenga maola asanu ndi limodzi. Wothamanga wotukuka salimbana ndi chilengedwe. Akapeza duwa, amalilambalala."

Ola lachiwiri linatha. Mayi Chisenga anatsika kachigawo ka njira, akuyang'ana pansi, akugwira makungwa a mitengo. Anabwerera ali ndi nkhope ya munthu amene wafuna cholakwa n'kuchisowa.

"Ngakhale kapepala ka switi palibe."

"Lembani zimenezo. Lembaninso dzina langa bwino, Kabamba, ndi K wamkulu."

Mayiyo anatsamiritsa chikalata pabondo nasaina. Chilolezo cha zaka zitatu! Ba Kabamba anachipinda, nachiika m'thumba la safari suti, pafupi ndi mtima. M'mutu mwawo anali atayamba kale kukonza zokanena kwa atolankhani: momwe mwana wa m'komboni anaphunzitsira Afirika yense kuthamanga mosavulaza phiri.

Pamenepo tchire linagwedezeka. Anatulukira Insipekita Chilufya, mtsogoleri wa timu ya apolisi, nambala ili pachifuwa, thukuta lili kamukamu. Nsapato zake zinali mbuu, tsitsi mbuu, ngati wagona m'chigayo. Kumbuyo kwake kunali apolisi awiri a yunifolomu. Ba Kabamba anasangalala kuti boma latumiza operekeza wopambana. Anakweza chikho m'mwamba ndi manja awiri.

"Woyamba! Shani, muli bwanji, Ba Insipekita! Mayi, onani nsapatozo, uyu mzele sanausiye ngakhale pang'ono. Nanga anzanu mwawasiya kuti?"

"Tonse tinafika kale, Ba Tcheyamani," anatero Chilufya, akupukuta ufa pansidze. "Tatsata mzele waukulu uja wa mumsewu mpaka ku Kabulonga, pomwe walowa pansi pa chitseko cha garaja yanu. Benzi sitinaipeze, tapeza matumba a ufa mazana awili. Ikani chikho pansi, manjawo tikuwafuna."