Foni Yodukira pa Khomo la Kuchipinda

Panali munthu wina, bambo wachikulire, amene chibadwire sanagulepo chinthu pa mtengo woyamba. Nkhaniyi anandiuza ndi mlamu wake, munthu wosadziwa kunama.

Mkazi wa bamboyu anavulala msana, adokotala n'kulamula kuti asamachotsedwe pabedi. Chipinda chawo chinali kumapeto kwa kolido, cha makoma ochindikala, moti netiweki ya foni sinkalowamo. Wayifayi inkagwira pabalaza pokha, pamene panali rauta, kamakina koigawa. Mwana wawo wamkazi, wokhala kunja, anali atangobereka kamnyamata, ndipo ankaimba pa vidiyo akapuma kuntchito.

Mphwake wa bamboyo, wodziwa ntchitoyi, anabwera kudzayendera nyumba.

"Malume, pakufunika timabokosi tiwiri tofalitsa wayifayi, kena m'kolido, kena kuchipinda. Tilumikizidwe ku rauta ndi waya wodutsa m'siling'i, dzina limodzi, pasiwedi imodzi. Mukamayenda, timabokosito tizipatsirana foni ngati khanda, kuchoka m'manja kulowa m'manja."

"Siling'i yanga uboole? Iwe unamangapo nyumba?"

Mawa lake pamsika anakumana ndi mkulu wina wovala tayi, wosamudziwa, akugulitsa timabokosi ta wayifayi.

"Bwana, aka n'kongosomeka pakhoma. Za mawaya n'zamakedzana."

Bambo uja ananenerera mpaka watayiyo anagwira kumutu n'kuwonjezera kabokosi kachiwiri kaulere. Inetu ndakalambira pamsika: wogulitsa akagonja msanga, dziwani kuti wagwa ndinu.

Timabokosi tija tinayaka bwinobwino, kalikonse ndi dzina lakelake. Koma popanda waya, koyambako kankangotola nyenyeswa za netiweki ya pabalaza n'kupatsira kanzake nyenyeswa za nyenyeswa. Foni nayo inkakakamira rauta. Akafika nayo pa khomo la kuchipinda, nkhope ya mwana wawo inkauma kukamwa kuli yasa, kenako zii. Akati asake magalasi, asake dzina la kabokosi kena, aimbenso, ankangomva "Ama... muli... mwa..."

"Ndi netiweki ya kwanu komweko," ankatero bamboyo. Atabwerera pamsika anapeza pamalo paja pakugulitsidwa nsapato. Bamboyo sanamuuze mphwake. Manyazi.

Mwana uja anatopa. "Ababa, tizingochezera pabalaza pompo. Amayi muzikawauza."

Akamaliza kucheza, bamboyo ankalowa kuchipinda, mkazi wake n'kumamufunsa za mdzukulu.

"Wanenepa?"

"Ali bwino."

"Mano atuluka?"

"Sindinayang'ane."

"Nanga akamaseka akufanana ndi ndani?"

"Ndi mwana."

Ankawaonetsa zithunzi. Mayi aja ankazisisita ndi chala n'kunena kuti, "Ine ndikumuona, koma iyeyu sakundiona." Anapempha kuti chitseko chizitsamiritsidwa ndi mpando, kuti azimvako timawu ta mdzukulu wawo kuchokera pabalaza.

Mvula inagwa, inatha, inagwanso. Tsiku lina mphwake uja anabwera kudzazonda matenda, mayiwo n'kumuululira zonse. Mphwakeyo sanapemphe chilolezo. Anakwera m'siling'i n'kudutsitsa waya, ndipo timabowo timene malume ake ankaopa tinali tosalowa ngakhale chala chachikulu.

Tsiku loimba litafika, mayi aja anapesedwa tsitsi m'mamawa, n'kuvala bulauzi imene sanaivale chivulalire. Foni inalira pabalaza.

"Agogo!" kanatero kamnyamata, koyankhula kale, kataona bamboyo.

Bamboyo anayenda nayo foniyo kolido yonse, osaduka. Analowa, n'kuitembenuzira kubedi. Mayi aja anakweza dzanja.

"Mwamuna wanga wamng'ono, wandidziwa?"

Mwanayo anayang'anitsitsa, kenako anabisa nkhope pachifuwa pa amake.

"Amami, awa ndani? Ndikufuna agogo."

Bamboyo anati atembenuze foni, mkazi wake anamugwira mkono.

"Musamukakamize, angalire. Ingoigwirani choncho, ndione kaye nkhongo yakeyo."

Phunziro: Wodziwa ntchito akati paboole, boolani, siling'i imamatika, koma khanda silidikira kuti manyazi anu athe. Ndipo mukapusitsidwa pamsika, ululani lero lomwe. Tumizirani amalume onse a m'magulu anu, makamaka aja amati sanaberedwepo.