Ayezi Wophwanya

Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, ndipo Mayi Ayezi anali chogwada, akukolopa madzi odontha m'firiji, pamene mkazi wa wojambula zithunzi analowa. Dzina loti Mayi Ayezi anawapatsa ndi ogulitsa nsomba, amene ankabwera ndi mabeseni kudzatenga zibuluma zikuluzikulu za ayezi. Mtsikanayu sankabwera ndi beseni. Ankabwera ndi kansalu kopukutira mbale.

"Wophwanya, mayi. Wa chotupa."

Mayi Ayezi anatenga hamala, anaswa ngodya ya chibuluma n'kukulunga tizidutswa m'kansaluko. Popereka anaona dzanja la mtsikanayo. Zala zinali zotupa, chikhadabo chimodzi chitathyoka mpaka kumnofu. Maso anali psuu, ngati munthu amene wachoka mu utsi.

Mtsikanayu anali telala, ankasoka pakhonde la sitolo ina kuseri kwa msika. Poyamba ankabwera mwa apo ndi apo. Tsopano sabata sinkatha asanaonekere.

"Kwavutanso?" anafunsa Mayi Ayezi.

"Kwavutanso." Mtsikanayo anayang'ana pansi. "Ukwati uwu udzapha munthu, mayi. Tsiku lina mudzangomva kuti kwathu kuli maliro."

Mayi Ayezi sanafune kufotokozeredwa zambiri. Nawonso anakwatiwapo. Khutu lawo lakumanzere linasiya kumva ndi mbama ya malemu amuna awo, ndipo ntchito ya ayezi pankhope yotupa anaidziwa kalekale asanaganize zomugulitsa.

"Pita kupolisi, mwana wanga. Koma uyambe wajambulitsa mabalawo, pasadzakhale zokana."

Mtsikanayo anaseka, koma kuseka kouma. "Wojambula wake uti, mayi? Si yemweyo?" Anafinya kansaluko mpaka madzi anayamba kuyenderera m'chigongono. "Komanso akamanga munthu, ana atsala ndi ndani?"

Mwamunayo Mayi Ayezi anali asanamuonepo. Ankangomva mbiri yake kwa ogula. Akuti ndi munthu waulemu, wolankhula motsitsa, wodziwa kuseketsa mwana wolira mpaka chithunzi chituluke bwino. Akwati ankamulimbirana. Zimenezi sizinkawatonthoza. Malemu amuna awo nawonso ankanyamulira okalamba katundu mumsewu, anthu n'kumati mkazi wake anachita mwayi.

Mayi Ayezi anamugwira mtsikanayo paphewa n'kumuonetsa kachipinda ka kuseri kwa mafiriji. Munali matiresi ndi bulangete.

"Likadzafika tsikulo usadzalongedze kanthu. Udzangotenga ana n'kubwera. Pano palibe angakukhudze."

Misozi inatsika m'masaya mwa mtsikanayo. "Simukundidziwa, mayi," anatero, n'kutuluka mofulumira.

Sabata imeneyo inatha osabweranso. Yotsatira nayo inapita. Ambulansi ikamadutsa, Mayi Ayezi ankasiya wogula ali chiimire n'kuthamangira pakhomo. Anafunsa wabutchala, amene ankadziwa za aliyense pamsikapo. Iye anati makina a telalayo akhala ovindikira masiku angapo, ndipo eni madiresi akungobwerera. Mayi Ayezi anayamba kudziimba mlandu. Anali atamulola kutuluka. Akanatseka chitseko tsiku lomwe lija.

Masana ena kunja kukutentha kwambiri, munthu wamtali anaima pakhomo. Anali ndi kamera pakhosi ndi chipewa chotsitsa mpaka m'maso. Sanalowe. Anaima cham'mbali, nkhope atalozetsa kukhoma.

"Zikomo, mayi. Ndimafuna ayezi wophwanya."

Mawu ake anali ofatsa monga anthu ankanenera. Mayi Ayezi anatola hamala ija, koma sanapite kufiriji.

"Ndinu wojambula uja?"

"Ndine, mayi."

"Mkazi wanu ali kuti?"

"Ali kunyumba."

"Akutha kuyenda?"

Ogulitsa nsomba awiri amene ankadikira panja anasendera pafupi.

"Ndiye mwafika pomugulira nokha ayezi? Chifundo chakugwirani lero?" anatero Mayi Ayezi. "Tsiku lonse mumauza anthu kuti amwetulire, kunyumba mwana wa eni akulira. Ndaziona zala zake. Ndawaona maso ake. Anthu ngati inu ndimakudziwani, bambo, ndinakhala naye wina m'nyumba mpaka anandigonthetsa khutu ili."

"Chonde, mayi, anthu akumva."

"Amve. Kubisa n'kumene kumatipha."

Bamboyo anagwira mphuthu ya chitseko ngati akufuna kugwa. Ankapuma movutika, dzanja lina atagwira m'nthiti. Mayi Ayezi anaganiza kuti ndi mowa, mkwiyo n'kuwonjezeka.

"Pano simutenga kanthu. Abwere mwini wake ndimuone ndi maso angawa. Akapanda kubwera dzuwa lisanalowe, ndikupita kupolisi ndekha."

"Musatero, mayi. Ndagwira mwendo wanu."

"Mukuopa chiyani? Pomenya simunkaopa."

Bamboyo anavula chipewa pang'onopang'ono n'kutembenuka kuti awayang'ane. Diso lakumanja linali litatsekeka ndi kutupa. Mlomo unali wong'ambika, ndipo kuyambira patsaya mpaka m'khosi munali bala lakupsa, looneka bwinobwino kuti ndi la simbi yositira.

"Masiku onse mtima wake ukaphwa, amalira n'kubwera kudzandigulira yekha," anatero motsitsa. "Lero wati ndikafuna ayezi ndidziyendere."