Mzere Womaliza

Sewero la masana la pakanema litafika pamene mtsikana anakhazika mng'ono wake pabenchi ya kudepoti n'kuyamba kuchoka, saluni yonse inawira. Mayi amene anali m'draya anatulutsa mutu kuti atukwane bwino. Wina, tsitsi lili lomasula theka, anati mtsikana ameneyu ndi mfiti yovala siketi. Pakanemapo mtsikanayo anayenda pang'ono, analira, n'kubwerera kukanyamula mwanayo, koma makasitomala sanamukhululukire. Atathana naye anatembenukira kamwanako: kolilalira, kosayamika, kamphuno ngati batani. Iwo akanakhala mkulu wake akanakatsina mpaka kakhale chete.

Mwini saluniyo ankangomwetulira, zala zili m'tsitsi la mlendo. Mumsewumo aliyense ankawatchula kuti Achemwali, ngakhale amayi oti akanatha kuwabereka, chifukwa mbiri yawo inkadziwika. Mayi awo anamwalira mwadzidzidzi iwo ali ndi zaka 17, n'kuwasiyira kamtsikana ka zaka zisanu. Nkhani imeneyi anali ataikamba kambirimbiri moti inasalala ngati sopo wotsala pang'ono kutha.

Sabata imeneyo nkhaniyo inali itakwera mtengo. A kanema analengeza kuti akufuna munthu weniweni amene analera mng'ono wake, kuti akaonekere m'gawo lomaliza la sewerolo. Makasitomala anatumiza dzina la Achemwali, ndipo panamveka mphekesera yoti kubwera munthu mwakachetechete kudzawaona. Achemwali ankalifuna dzina limeneli kuposa chilichonse. Diresi yokaonekera nayo anali atasoketsa kale.

Ndiye lero kunalowa mlendo uyu: wazaka ngati makumi atatu, nsapato zodula, wosaseka. Anapempha mizere yopita kumbuyo, ndipo ananenetsa kuti ayambire kudzanja lamanja. Foni anaiika pantchafu, kakuwala kofiira kakuphethira. Achemwali sanabadwe dzulo. Anatsinzinira mayi wa m'draya uja, anatsitsa voliyumu ya kanema, n'kuyamba.

Anakamba za sukulu imene anasiya. Anakamba za mnyamata amene anawakana atamva kuti akabwera ndi mwana kubanja. Ntchito ya tsitsiyi, anati, anaphunzirira pamutu pa mng'ono wawoyo, ndipo tsiku lina chipeso chamoto chinapulumuka n'kumuwotcha kuseri kwa khutu lakumanzere. Chipsera chake chinakhala ngati kamwezi kongooneka kumene, ndipo amene analira kwambiri anali iwo, osati mwanayo. Panopa ndi namwino kunja, anatero, amaimba Lamlungu lililonse.

Makasitomala anali atazimva zonsezi, koma anapukusa mitu mwachisoni ngati nkhani ya lero. Mayi wa tsitsi lomasula theka anapukuta m'maso ndi thaulo la saluni. Mlendo yekha ndiye sanagwedezeke. Ankangoyang'ana Achemwali m'galasi osaphethira, ndipo izi zinawanyansa. Munthu ukumuthirira misozi yabwinobwino, iye ali gwa ngati mpando.

Achemwali analuka mzere wachinayi, wachisanu, akukoka mwamphamvu pang'ono kuti mwina amve kena kake. Mlendoyo sanadandaule. Anangofunsa ngati Achemwali sanaganizepo, ngakhale tsiku limodzi, zochita ngati mtsikana wa pakanema uja.

Saluni inakwiya m'malo mwawo. Funso lanji limenelo? Mayi wa m'draya anati anthu ophunzira ndi choncho, mitima yawo inatsalira m'mabuku. Achemwali anakweza dzanja kuwatontholetsa, chifukwa anadziwa kuti ili ndiye funso la mayeso. Anaweramira pafupi ndi foni kuti mawu alowe bwino, n'kunena kuti ngakhale kungoganiza kokha ndi tchimo.

"Nanga akanapanda kubwerera," anafunsa mlendoyo, "mukanati amutani?"

"Kumumeta mpala ndi botolo losweka," anatero Achemwali. "Pamsewu, masana, aliyense akuona. Munthu wotaya mwana si munthu, mayi."

Anthu anaomba m'manja. Wina anawonjeza kuti amupakenso tsabola pampalapo, ndipo onse anaseka mpaka misozi. Achemwali anamva kukoma mumtima. Anadziona kale pakanema, diresi yatsopano ili pathupi, dzina la saluni likudutsa m'munsi. Kunatsala mzere umodzi wokha, ndipo anafunsa monyengerera, ngati munthu wosadziwa kanthu, kuti gawo lomalizalo ajambula liti.

"Sindigwira ntchito kukanema," anayankha mlendoyo.

Achemwali anaseka, poti ndi mmene ayenera kuyankhira anthu otumidwa mwachinsinsi. Anapendeketsa mutu wa mlendoyo, anagawa tsitsi ndi nsonga ya chipeso, n'kupinda khutu lakumanzere kuti mzere womaliza uyambire pabwino.

Kamwezi kanali pomwepo.

Chipeso chinagwa pansi. Mlendoyo anakweza foni kuti ijambule saluni yonse.

"Mwana wa pakanema uja wadikira mphindi imodzi. Ine pabenchi paja ndinadikira masiku awiri, achemwali. Madzi munapita kukagula aja ali kuti?"