Makina Osokera

"Boma likufuna tiziyendera makina osokera!" anakalipa Abu Turki, akuloza pawindo kagalimoto katsopano ka mnzake Mishari. "Ati galimoto zolowa m'Riyadh muno zizimwa mafuta pang'ono. Mwamuna weniweni amayendera chilombo ngati changa chija!"

"Koma chilombo chanucho, akulu, ndi mlendo wosadziwa kugwedeza kapu kuti zakwana," anatero Mishari akuthirira alendo ake khofi. "Mukathira, chikufunanso."

"Bodza! Mwezi wathunthu sindinakachimwetse mafuta."

Anthu anayang'anizana mogoma. Abu Turki anakonza mpango wake kumutu, n'kutambasula dzanja kuti amuwonjezere khofi.

Foni yake inalira. Poti zala zinali zikumata ndi zipatso za kanjedza, anadina ndi chigongono, ndipo mawu a mkazi wake anamveka chipinda chonse.

"Abu Turki, makiyi a kagalimoto kanga ali kuti? Mwezi wonse mukupitira kanga kuntchito, chanucho mumangochitulutsa pokacheza kwa a Mishari paseri pompa!"

Mishari anakweza ketulo mwaulemu.

"Ndiwonjezere mafuta, akulu?"

Abu Turki anagwedeza kapu.